Kubereka Dzanja

Chinayamba ndi kachala kakumapeto ka dzanja lamanja. Kanayamba kupinda kokha, ngati kakufuna kubisala m'chikhatho. A Zala anakamanga ndi pulasitala, anakatukwana, n'kupitiriza kuliza piyano. Posakhalitsa chala cha mphete chinatsatira mnzake. Pamene ankapita kwa dokotala n'kuti zala ziwirizo zitagona ngati nyongolotsi zouma, ndipo zitatu zotsalazo zinkalephera kukanikiza kiyi ya piyano kuti ilire.

Dokotala sanapite m'mbali. Anati mtsempha ukufa kuchokera m'khosi, zala zotsalazo zitsatira nyengo yozizira isanathe, ndipo akanabwera msanga m'malo moumiriza dzanja lodwala kugwira ntchito, mwina bwenzi akukamba zina. Kenako anafunsa ntchito yawo. Atamuuza, anayang'ana pansi n'kunena kuti pepani. A Zala anamuuza kuti pepaniyo asungire ena amene ali pamzere panja, iwo alibe pomuika.

Dzina loti a Zala anawapatsa ndi anthu a m'nyumba yosanjikizana momwe ankakhala, anthu amene anakalamba akumva piyano kudzera m'makoma ndi kugogoda denga ndi mpini wa tsache. Pa utsikana wawo ankaimba m'maholo akuluakulu, atavala diresi lakuda lofika m'mapazi. Ankaimba nyimbo za akatswiri amene anamwalira kalekale, zija zazitali zopanda mawu, zoti omvera amakhala phee mpaka kuopa kutsokomola. Maholo atayamba kuitana achitsikana, iwo anayamba kuphunzitsa ana a eni. Zonsezo sankaziwerengera. Chimene ankachiyesa moyo wawo chinali nyimbo imodzi yopeka okha, ya magawo atatu, imene anaiumba pang'onopang'ono kuyambira ali ndi mwana kumsana mpaka imvi zitamera. Inalibe dzina. Pakhomo ankangoti nyimbo ija.

Ndipo nyimbo ija sinalembedwe paliponse.

Chifukwa chake chinalipo. Ali mtsikana anapeka nyimbo yawo yoyamba, anailemba bwinobwino papepala la mizere, n'kuionetsa amuna awo, amene anali woimbitsa gulu la azeze ndi malipenga. Amunawo anaiyamikira, anaitenga kuti akaikonze pang'ono, ndipo inatuluka yosindikizidwa, pamwamba pali dzina lawo lokha. Atafunsidwa anati banja ndi thupi limodzi, dzina n'chiyani. Banja linatha, bamboyo anamwalira akutamandidwa ndi nyimbo ya mkazi wake, ndipo a Zala analumbira kuti cholembera sadzachigwiranso. Ankati wakuba amaba za papepala, za m'zala sangabe. Akamaimba nyimbo ija pagulu ankalamula kuti makina ojambulira mawu azimitsidwe. Tsiku lina anaima pakati pa nyimbo chifukwa munthu wina anakweza foni m'mwamba, anapinda manja, n'kudikira mpaka munthuyo atamutulutsa.

Tsopano wakuba anali atalowera m'zala momwemo.

Atachoka kwa dokotala anadzera m'sitolo n'kugula mapepala a mizere. Lumbiro analimeza ngati mankhwala owawa. Gawo loyamba ndi lachiwiri, amene anali odekha, anawalemba ndi dzanja lamanzere, manoti ake, tizizindikiro ta mawu a nyimbo, opendekeka ngati mapazi a nkhuku. Gawo lachitatu ndi limene linawagwiritsa njakata. Linali liwiro lokhalokha, ngati matalala padenga la malata. Dzanja lamanzere linkagunda pansi ngati mtima wa munthu amene akuthawa, lamanja likuwaza timawu tosawerengeka, ndipo pamwamba pa zonsezo pankathwanima timawu tina takuthwa, timene iwo ankatitcha nsonga. Mbali ya kumanzere anailemba yonse. Atafika ku mbali ya kumanja, cholembera chinaima.

Anaimva nyimboyo m'mutu, yonse, yaphokoso. Koma mvula umaidziwa kuti ndi mvula, sungaloze pamene dontho lililonse linagwa. Gawolo analipeka ndi zala, ankalisintha ndi zala, ndipo mutu sunafunsidwepo. Anayesa kulifufuza ndi dzanja lamanzere, kiyi imodziimodzi, koma dzanjalo linali ngati mlendo amene wafunsidwa njira ya m'mudzi wa eni. Masiku anapita, pepala lili mbuu.

Mng'ono wawo, mayi wamasiye wogulitsa nsapato zakaunjika m'mbali mwa msewu, ankakhala nawo m'nyumbamo. Matumba a nsapato anali mbwee kuseri kwa chitseko, zina zotsuka atazindandalika pawindo, ndipo pakamwa pake sipankatseka. Anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, nanga asisi akufuna zitatu zodwala ziswe piyano? Anawalangiza kuti angolemba chilichonse, poti ndani angawatsutse, mwini nyimbo ndi iwo. A Zala anamuuza kuti akagulitse nsapato ya kumanzere yokhayokha aone ngati wina angagule.

Masana ena madzi anafika m'khosi. Anakhala pa piyano, dzanja lamanja analiponya pantchafu ngati nsanza, n'kuyamba kuliza mbali ya kumanzere mwaukali, pa liwiro lake lenileni, kuti amve chabe kuti chinachake chikadali moyo. Ali pakati anamva kanthu kakujompha pantchafu. Anaima, kanthuko kanaimanso. Anayambanso, kujomphako kunabwerera. Zinali zala zitatu zija. Mphamvu yoliza kiyi zinalibe, koma njira zinkaikumbuka, ndipo mkono nawo unkakoka wokha, kufuna kupita kumene unazolowera.

Anaika dzanjalo pamakiyi kuti aone pamene zala zikugwa, koma zinkangonjenjemera pamwamba, mofulumira kuposa diso. Anachepetsa liwiro kuti aziwerenge bwino. Zala zinangoti zii. Zinkadzuka pokhapokha nyimbo ikamathamanga, ndipo akangoziyang'anitsitsa zinkasokonezeka ngati mwana amene wauzidwa kuti avine pamaso pa alendo.

Apa ndi pamene anakumbukira mphunzitsi wawo, mayi wokalamba wa maso akhungu, amene sankaphunzitsa ndi pakamwa. Ankatenga dzanja la mwana n'kuliika pamwamba pa lake, chala pa chala, kenako n'kuimba, kuti mwanayo amve m'thupi mmene dzanja limayendera. Ankati kumeneko ndi kubereka dzanja. Ngati dzanja la mwana limamva la mphunzitsi lili pansi, ndiye kuti dzanja lamoyo likhoza kumva lodwala lili pamwamba, n'kukanikiza makiyi m'malo mwake.

Anaitana mng'ono wawo kuti ayese. Zinathera m'kuseka, chifukwa mayiyo anati zikumugirigisha, ndipo zikhadabo zake zinkangokanda makiyi. Pankafunika dzanja lodziwa piyano, komanso lokula likuberekedwa, lodziwa kumva chala kudzera m'chala. Ana a eni, a Zala sanawaberekepo, ankawaphunzitsa ndi pepala ndi ndodo yolozera. Dzanja limene anabereka pamoyo wawo linali limodzi lokha, la mwana wawo.

Mng'ono wawo anasiya kuseka. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo njira ya kochapitsira zovala kumene mwanayo amagwira ntchito akuidziwa, ndi kuseri kwa depoti ya basi.

Mwana wawo wamkazi ankamutcha Manzere, poti chilichonse ankagwira ndi dzanja limenelo. Asanadziwe n'kuyankhula komwe, a Zala ankamukhazika pamiyendo, kadzanja kake pamwamba pa lawo, n'kumaimba. Atakula, kubereka kunatha, kunabwera ndodo. Dzanja lake lamanzere linali la mkango, koma lamanja linkatsalira, ndipo ndodo inkagwa pa lomwelo. Tsiku la mayeso, ali namwali, anaima pakati pa nyimbo osadziwa kolowera, ndipo a Zala anaimirira pamaso pa oyesa ndi makolo a anzake n'kunena kuti mwanayu dzanja lamanja ndi chikuni, musataye naye nthawi. Manzere anatseka piyano mwaulemu, anatuluka, ndipo sanaigwirenso. Atakwatiwa anasamukira mbali ina ya tauni. Ankaonana pamaliro pokha.

Kochapitsira zovala kunali kotentha ngati m'ng'anjo. Makina ankazungulira ndi phokoso, nthunzi ili tolotolo, fungo la sopo litasakanikirana ndi la nsalu yopserera. Manzere anali kumapeto, mayi wathupi tsopano, akusita nsalu zoyala pabedi za kuhotela, mikono yake ili ndi zipsera za simbi. Ankasita ndi dzanja lamanzere, chingwe cha simbi chikumupinga pamimba chifukwa thebulo analikonzera anthu ena.

"Mwabweretsa zochapa?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ndabweretsa ichi," anatero a Zala, n'kuika dzanja lawo pansalu yofundayo.

Manzere anaimika simbi. Analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali, zala ziwiri zopindikazo, pulasitala wakuda ndi litsiro.

"Ndi lomwe lija linkandimenya?"

"Lomwelo."

"Lachepa."

A Zala anafotokoza zonse ataimirira, mokweza kuti apose makina: za dokotala, za pepala limene lakana kudzaza, za zala zimene zimadzuka nyimbo ikamathamanga. Anati nthawi ndi yochepa, chala cholozera chayamba kale kuchita dzanzi m'mawa. Azimayi ena ositawo anachepetsa manja kuti amve bwino. Manzere anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mano.

"Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Inu amayi munaipa, koma nyimbo munkadziwa, ndiye anthu ankakupirirani. Nanga lero tikupirireni chifukwa chiyani?"

"Sindinabwere kudzapempha kuti undikonde. Ndabwera kudzabwereka dzanja."

"Lija munati ndi chikuni?"

"Ndi chikuni ndithu. Koma lina ndilibe."

Manzere anatenga simbi n'kuwauza kuti achotse dzanja pansalu ya eni, lingadetse. A Zala anabwerera wapansi mpaka kudepoti, ndipo m'basi anakhala atafumbata dzanjalo m'khwapa kuti lisazizidwe, ngati kuti kufunda kungalichedwetse kufa.

Manzere anabwera tsiku lake lopuma, masana, osagogoda. Mng'ono wa a Zala anafuna kudzitama kuti ndi iye anamunyengerera pafoni ndi mawu oti mako ndi mako usamuone kufa dzanja, koma Manzere anati amayi aang'ono asadzinamize. Anati nyimbo ija imamusowetsa mtendere kuyambira ali mwana, akamasita simbi imayenda motsatira kugunda kwake, ndipo wabwera kudzaona pamene ithere kuti mwina imuleke. Anatulutsa foni n'kuiika pamwamba pa piyano. A Zala atatsekula pakamwa, iye anati zala zake si manda osungiramo nyimbo za anthu, chilichonse chimene agwire chijambulidwa ndipo chilembedwa, apo ayi basi yobwerera ikadalipo. A Zala anatseka pakamwa.

Kukhala kwake kunavuta. Atakhala moyandikana, mapewa ankagundana ndipo mikono inkapingasana. Kale mwana ankakhala pamiyendo ya mayi, koma Manzere akanatero lero akanathyola mafupa. Mapeto ake anatembenuza benchi mlitali, Manzere anakhala kutsogolo, a Zala kumbuyo kwake atamukumbatira, dzanja lamanzere likudutsa m'mbali kukafika pamakiyi, lamanja litagona pa la mwana wawo, chala pa chala. Makiyi sankawaona, koma sanawafunepo maso chiyambire. Tsaya lawo linatsamira pamsana wa Manzere, wonunkhira sopo ndi thukuta. Mng'ono wawo anasuzumira kuchokera kukhitchini n'kunena kuti akuoneka ngati akwera njinga yamoto, angosamala pokhota.

Anayamba. Dzanja lamanzere linagunda, mkono wamanja unakoka, ndipo dzanja la Manzere, lolemera ndi louma ndi ntchito ya simbi, linatsalira ngati ng'ombe yokana goli. Anagwa asanapite patali. Anayambanso, anagwanso. A Zala anamva mawu akale akukwera kukhosi, anawameza, koma msana wa Manzere unawamva ndithu chifukwa unauma gwa.

"Nenani," anatero Manzere. "Ndodo ili kuti?"

"Usaganize. Ukuyesa kundiwerenga ngati nyuzipepala. Lefula dzanja, likhale ngati la mwana wogona."

Ulendo wina, mwadzidzidzi, timawu tingapo tinatuluka bwinobwino, totsatizana, tomwe tija. A Zala anali asanatimve ndi makutu chiyambire kachala kaja kupinda. Manzere anatibwereza yekha pang'onopang'ono, a Zala anavomera ndi mutu pamsana pake, ndipo Manzere anatilemba papepala.

Ndi mmene anagwirira ntchitoyo. Ankathamanga mpaka kugwa, n'kutola zimene zatsala m'dzanja la Manzere, ngati anthu otola mpunga wotayika pamsewu magalimoto akudutsa. Manzere ankabwera tsiku lililonse lopuma, kenako anayamba kubweranso akaweruka, dzuwa lisanalowe, yunifolomu ikadali m'thupi. Sankacheza. Tiyi amene mng'ono wa a Zala ankawaikira ankazizira pampando. Oyandikana nawo anayambiranso kugogoda denga, ndipo a Zala anasangalala kumva mpini wa tsachewo ngati moni wa mnzawo wakale.

Koma panali chinthu chimene onse awiri ankachiona osachitchula. Papepala pankatsala mipata. Paliponse pamene nyimbo inkafuna chala cha mphete kapena kachala kakumapeto, dzanja la Manzere silinkamva kanthu, chifukwa zala ziwirizo zinali zitafa kale nyimbo ili m'kati mwake. Ndipo ntchito ya zala zimenezo inali nsonga zija, timawu takuthwa tapamwamba timene tinkapatsa gawolo nkhope. Zimene ankatola zinali thupi lopanda mutu. A Zala ankati mipatayo aisiye, adzaibwerera, mwina zidzakumbukika zina zonse zikakhala m'malo. Manzere ankangojambula kamzere pampata uliwonse.

Kuzizira kunakula. Chala cholozera chinayamba kujompha mofooka, kenako mwa apo ndi apo. A Zala ankachiviika m'madzi otentha Manzere asanafike, ankachitikita ndi mafuta, ankachinyengerera monong'ona ngati mwana wodwala amene akukana phala. Anasiya kugwira kapu, kumanga mabatani, chilichonse chimene chingadye mphamvu yotsalayo. Ankaopa kugona masana, poganiza kuti angadzuke chitapita.

Anafika kumapeto kwa gawolo chala cholozera chitangotsala pang'ono kuzima. Tsiku limenelo Manzere anati aliimbe lonse kuyambira pachiyambi, amve chimene atola. Dzanja lake linali litayamba kumasuka, ndipo linathamanga bwino kuposa kale. Mipata inkamveka ngati mano oguluka m'kamwa mwa munthu amene akuseka. Mpata woyamba unadutsa, wachiwiri unadutsa. Pa wachitatu kachala ka Manzere kanagwa kokha pakiyi ina yapamwamba, ndipo kanaliranso pampata wotsatira, ndi wotsatiranso.

A Zala anachotsa dzanja lamanzere pamakiyi.

"Si imeneyo."

"Chala chinangopita chokha."

"Ndati si imeneyo. Usaike zako m'nyimbo yanga."

Manzere anadzuka pabenchi, anaima pambali n'kupinda manja. "Chabwino. Ndiye ndi iti? Ndionetseni."

A Zala anasendera kutsogolo. Ndi chala chimodzi cha kumanzere analiza kiyi yoyandikana ndi imene Manzere anagunda. Sinali imeneyo. Analiza ina. Sinali imeneyo. Anakwera m'mwamba kiyi ndi kiyi, zoyera ndi zakuda zomwe, mpaka kumapeto kwa piyano kumene mawu amangoti tetete ngati supuni pagalasi, kenako anatsika nazo. Anali ndi chikhulupiriro choti yoona ikalira khutu liidziwa, monga mayi amadziwira kulira kwa mwana wake pakati pa ana ambiri. Zonse zinalira, ndipo palibe imene inawayankha. Imodzi mwa makiyi amenewo inali yoona, anali atangoiliza kumene ndi chala chawo, ndipo sanaizindikire. Kamawu kokha, kopanda liwiro lake ndi anzake, kanali ngati njerwa iliyonse.

Anayambanso kuchokera pansi. Thukuta linatsika m'khosi ngakhale kunkazizira. Mng'ono wawo anaima pakhomo la kukhitchini atagwira nsapato ndi burashi.

Manzere anatenga chikwama chake. Anayankhula mosakweza mawu. Anati bambo ake anaba nyimbo, iye sanabe kanthu, anangobwereketsa dzanja monga anapemphedwa. Anati ngati amayi akufuna nyimbo ya mipata, ili papepalapo, aisunge, koma palibe munthu adzaiimbe chifukwa palibe amavala malaya a mabowo okhaokha. Ndipo ngati akudikira kuti zala zakufa zidzuke, iye ali ndi nsalu za eni zomudikira mawa m'mawa.

Anali atagwira kale chogwirira chitseko.

A Zala anayang'ana pepala lija, timizere ta mipata tili ndandanda. Moyo wawo wonse anaitchingira nyimboyi kuti dzanja la munthu wina lisaikhudze. Anathamangitsa amakina, anakana mapepala, anakana ophunzira amene anapempha kuti awaphunzitse. Ndipo anaisunga bwino kwambiri moti tsopano ngakhale mwini wake sakanatha kuifikira. Anayang'ana dzanja lawo lamanja lili pantchafu. Anayesa kugwedeza chala cholozera. Chinakana.

"Khala pansi," anatero.

Manzere sanasunthe.

"Khala pansi. Ika zakozo."

"Mudzati ndawononga."

"Ndidzatero. Khala pansi."

Manzere anaika chikwama pansi, anayatsa foni n'kukhala kutsogolo kwa benchi. A Zala ananyamula dzanja lawo lamanja ndi lamanzere, monga munthu amanyamulira chinthu cha mwini, n'kuligoneka pa la mwana wawo. Anatsamiritsa tsaya pamsana paja n'kuyamba kugunda.

Nsonga za Manzere sizinali ngati zawo. Zawo zinkabaya, izi ankazikumbuka. Za Manzere zinali zolemera, zotsikirapo, zina zochedwa pang'ono, ngati munthu amene akuponda mosamala pansi ponyowa atasenza katundu. Iliyonse ikalira a Zala ankamva kuti si imeneyo, ndipo ankaluma mlomo n'kupitiriza kugunda. Pena Manzere anaika kamawu kamene kanawadabwitsa, kosayenera kukhala pamenepo koma kokhala ndithu, ndipo anadana nako chifukwa kanali kabwino. Chapakati pa gawolo anazindikira kuti zala zawo sizikujomphanso, ngakhale chimodzi. Dzanja linkangokwera ndi kutsika, likutengedwa uku ndi uku ngati mwana wogona kumsana. Manzere mwina anamva, mwina sanamve. Sanaime. Anafika kumapeto limodzi, ndipo pansi pa nyumba wina anagogoda ndi tsache.

Mng'ono wawo ndi amene analephera kupirira. Anafunsa ngati tsopano nyimbo ija yapulumuka, kuti anthu apume m'nyumba muno.

"Ija yafa," anatero a Zala. "Iyi ndi ina."

"Nanga ndi yabwino, asisi?"

A Zala anakoka pepala ndi dzanja lamanzere, anapatsa Manzere cholembera n'kumuuza kuti adzaze mipata yonse lero lomwe, asanaiwale monga anachitira amake. Manzere analemba ataweramira pa chivundikiro cha piyano, akubweza foni pang'onopang'ono kuti amve zimene anaimba. Atamaliza, a Zala analoza pamwamba pa tsamba loyamba, pamene panali poyera, n'kumuuza kuti alembe maina awiri. Manzere anafunsa kuti liyambe ndi liti. Iwo anati asafunse zopusa, liyambe lawo.

Manzere akuvala juzi kuti azipita, a Zala anamuuza kuti pamzere wachiwiri amathamangira, ndipo dzanja lake lamanja likadali chikuni, lifunika ntchito yambiri nyimboyi isanamveke pagulu.

"Chikuni chomwecho ndi chimene chakuberekani," anatero Manzere. Anayang'ana dzanja la amake, limene linali lende pambali pa diresi, batani la pamkono lili lomasuka. Analimanga batanilo mwachangu, mwaukatswiri wa munthu wozolowera zovala za eni, n'kufunsa amayi aang'ono ngati m'matumba awo muli nsapato yosaterera, poti masitepe a nyumba ino ayamba kumudya zidendene.